Ana akuwerenga bwinobwino koma sakumva zimene awerenga: tichite nawo bwanji ku Sitandade 6?

Mayi Nabanda: Aphunzitsi anzanga, mwaswera bwanji. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo teremu ino. Ndimaphunzitsa Sitandade 6, ana 94, mabuku a Chingerezi alipo 31 basi. Lachiwiri ndinawalembera pa bolodi kankhani kakafupi aka:

The villagers cut down the trees along the river. When the rains came, it carried the soil away and left sand in their gardens.

Ndinaimika mtsikana wina amene amakhala kutsogolo. Anawerenga mosadodoma, matchulidwe abwino, anzake mpaka kumuwombera m'manja. Ndiye ndinamufunsa kuti chinakokolola dothi nchiyani. Anayang'ana pa bolodi nthawi yaitali, kenako akuti "the trees". Wina akuti "the villagers". Ambiri anati "the rains". Amene ananena kuti mtsinje anali atatu okha m'kalasi monse. Nditafunsa chifukwa chake m'madimba munadzaza mchenga, pafupifupi onse anangokopera chiganizo chachiwiri chonse m'makope, kuyambira When mpaka gardens. Palibe anatchula zodula mitengo. Mtima unandiwawa, chifukwa ana amenewa si aulesi. Inu mumatani?

A Phiri: Madamu, musadandaule kwambiri, zimenezi nza ponseponse. Ine ndili ku Sitandade 8 chaka chachisanu ndi chiwiri tsopano. Chimene chimandithandiza ndi mapepala akale a MANEB. Ndimawauza kuti ayambe awerenga mafunso, aone mawu aakulu a m'funsomo, akawasake m'nkhani. Pamene apeza mawuwo, yankho lili pomwepo kapena chiganizo chotsatira. Akazolowera amakhoza ndithu.

A Mbewe: A Phiri, mundikhululukire, koma ana amenewo amene mwawaphunzitsa kusaka mawu ndi amene ine ndimawalandira ku Fomu 1. Ndimaphunzitsa Chingerezi pa CDSS ina. Mwana amabwera atakhoza PSLCE bwinobwino, koma ukamupatsa ndime imodzi nkumuuza kuti atseke buku anene m'mawu ake zimene wamva, amangoti kakasi. Mphunzitsi wa Biology akudandaula, wa History akudandaula, onse akuloza chala ife a Chingerezi. Njira yosaka mawu imagwira ntchito funso likakhala la "ndani" kapena "liti". Likangofika la "chifukwa chiyani", imathera pomwepo. Ndipo taonani, ana a Mayi Nabanda achita ndendende zimene mukunenazo. Aona mawu oti sand ndi gardens m'funso, awapeza m'chiganizo chachiwiri, akopera. Yankho lenileni linali m'chiganizo choyamba, mmene mulibe mawu aliwonse ofanana ndi a m'funso.

A Phiri: Sindikukana a Mbewe. Koma inu simukhala ndi makolo pa khomo zotsatira zikatuluka. Mwana akapanda kusankhidwa, amafunsa ine.

Mayi Nachisale: Ndilowererepo pang'ono, ine wa ku Sitandade 3. Mayi Nabanda, musanapite patali, mwawayesa ana onse 94 kuti ndi angati amene akuwerengadi? Chifukwa mtsikana wakutsogoloyo ndi mmodzi. Kumbuyo kuja kumakhala ana amene amangotsatira milomo ya anzawo mukamawerenga pamodzi. Ife chiyambire pulogalamu ya kuwerenga ija ya NRP mu 2016 timalimbikira maliwu, malembo ndi maphatikizo, koma sikuti onse amatuluka kwathu kuno atadziwa. Ena amajomba nyengo yolima, ena amabwera pa transifa. Mwana amene akuvutika kuphatikiza mawu, nzeru zake zonse zimathera pa kuphatikizako. Akafika kumapeto kwa chiganizo waiwala kale mmene chinayambira. Ameneyo ngakhale mumuphunzitse njira zotani zomvetsera nkhani, simuphula kanthu.

Chachiwiri, kankhani kameneko mwayesa kuwauza m'Chichewa?

Mayi Nabanda: M'Chichewa ayi, sindinayese. Zoyesa mmodzimmodzi ndinachita kumayambiriro kwa teremu, nthawi ya buleki, mwana aliyense mphindi imodzi. Zinanditengera masabata awiri. Ana 17 ndi amene akulephereratu, amenewo ndimatsala nawo Lolemba ndi Lachinayi tikaweruka. Amene ndikudandaula nawo pano ndi enawo, owerenga bwino. Mawa ndiyesa m'Chichewa ndidzakuuzani.

Mayi Nabanda: Ndabweranso. Anzanga, zimene ndaona lero zandidabwitsa. Ndinalemba chonchi:

Anthu a m'mudzimo anadula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Mvula itabwera, unakokolola dothi nkusiya mchenga m'madimba mwawo.

Ndisanamalize nkufunsa komwe, kalasi yonse: "Mtsinje!" Ndinafunsa kuti mwadziwa bwanji, pakuti chiganizo chachiwiricho sichikutchula mtsinje. Mnyamata wina wakumbuyo, mmodzi wa 17 aja, anati, "Madamu, mwati unakokolola. Ikanakhala mvula mukanati inakokolola." Za mitengo ndiye anachita kulimbirana kuyankha. Wina anafotokoza za mizu kuti imagwira dothi, wina anasimba za dimba la agogo ake limene linakwiririka ndi mchenga mpaka anasiya kulimamo. Ana omwe aja amene Lachiwiri anali duu.

A Gondwe: Mayi, mnyamata ameneyo wakupatsani phunziro lonse la sabata ya mawa. Ine ndinaphunzitsapo ku TTC, koleji yophunzitsa aphunzitsi, ndisanapume pa ntchito, ndipo ichi ndi chinthu chimene sitinkachitsindika mokwanira. Chichewa chimamugwira mwana dzanja. Mneni aliyense amanyamula chizindikiro cha dzina limene akukamba: mtsinje unasefukira, dothi linapita, chimanga chinagwa, madzi anadzaza. Mwana sasochera, ngakhale dzinalo litatchulidwa ziganizo zitatu m'mbuyo. Chingerezi chimangoti it. Mtsinje ndi it, dothi ndi it, chimanga ndi it. Mwana wathu sanazolowere kubwerera m'mbuyo kukafufuza kuti kamawu aka kakuimira chiyani, chifukwa m'chiyankhulo chake safunika kutero. Palinso he ndi she. Kwathu "anapita" ndi wamwamuna ndi wamkazi yemwe, ndiye mwana salabadira kusiyana kwake, pamene wolemba Chingerezi akudalira timawu timeneti kuti owerenga adziwe amene akuyankhula.

Muchite chonchi. Lembani ndime pa bolodi, zungulizani it, they, their, he, she aliyense ndi choko, ana azibwera kudzajambula muvi kuchoka pa kamawuko kupita pa dzina limene kakuimira. Akasiyana maganizo asiyeni atsutsane. Mukatero masabata awiri okha mudzaona kusintha.

Timawu tina tofunika kutisamala ndi tolumikiza: because, so, although, however, unless. Ana ambiri amatidumpha ngati miyala ya m'njira, chonsecho ndi timene tanyamula ganizo. Mwana amene sakudziwa kuti however akutanthauza kuti zimene zikubwerazi zitsutsana ndi zimene zapitazo, amawerenga mfundo ziwiri zotsutsana nkuzivomereza zonse.

A Mbewe: Apo ndiye mwalasa a Gondwe. Unless yekhayo amagwetsa ana anga theka la kalasi.

Mayi Nabanda: Zikomo kwambiri bambo. Koma ndifunse. Kupatula timawu timeneti, pali njira imene ndingawaphunzitse yoti azigwiritsa ntchito pa nkhani iliyonse, ngakhale ine palibe?

A Gondwe: Ilipo, ndipo inayesedwa pa ana a msinkhu womwewu. Mu 1984 akatswiri awiri a ku America, Annemarie Palincsar ndi Ann Brown, anagwira ntchito ndi ana a giredi 7 amene ankatha kutchula mawu bwinobwino koma osamva nkhani, ngati anuwo. Anawaphunzitsa zinthu zinayi. Kulosera zimene zikubwera. Kudzifunsa mafunso pa zimene wawerenga. Kuima pamene pavuta nkupakonza. Kufupikitsa ndime m'mawu ako. Amaitcha reciprocal teaching chifukwa mphunzitsi ndi ana amasinthana udindo: lero akutsogolera ndi mphunzitsi, mawa mwana ndiye akufunsa anzake.

Koma mndandandawu pawokha ulibe mphamvu. Ndaonapo makalasi mmene zinthu zinayizi zalembedwa pa tchati chokongola, ana amaziloweza ngati ndakatulo, koma osazichita. Chofunika ndi chakuti inu muziganiza mokweza pamaso pawo. Mukuwerenga, mwaima, mukuti: "Apa ndasokonezeka. Akuti it carried the soil. Chanyamula dothi nchiyani? Mvula? Koma rains ndi zambiri, akanati they. Ndibwerere m'mbuyo. Eya, river." Ana ambiri amaganiza kuti munthu wodziwa kuwerenga amangomva zonse kamodzi. Sadziwa kuti nafenso timabwerera, timakayika, timawerenganso. Akaona aphunzitsi awo akusokonezeka nkudzikonza, amamasuka kunena kuti apa sindinamve. Ndi njira ija imene anzathu a m'makalasi aang'ono amaidziwa kale, yoti ndichite ine, tichitire limodzi, kenako muchite nokha. Kungoti ife a makalasi aakulu timathamangira ku "muchite nokha".

Mayi Nachisale: Kulosera timachita tsiku lililonse ku Sitandade 3, ndi chithunzi ndi mutu wa nkhani. Chimandidandaulitsa nchakuti akafika ku Sitandade 5, kumene maphunziro onse asanduka a m'Chingerezi kupatula Chichewa, zonsezi zimasiyidwa. Nthawi imene mwana akufunika thandizo lalikulu ndi imene timamusiya yekha ndi buku.

A Phiri: Zonsezi nzabwino pa pepala. Koma tinene zoona, piriyodi ndi mphindi 35. Ana 94. Silabasi ikudikira, a PEA, alangizi a maphunziro a m'zoni, akabwera akufuna kuona sikimu kuti muli pati. Magulu okambirana mudzawayendera bwanji? Phokoso lake kalasi yoyandikana nayo idzaphunzira?

A Mbewe: Funso la a Phiri ndi loona, tisalizembe. Ine ndili nawo 78 ku Fomu 1. Ndinayesa magulu a ana khumi, zinakanika, awiri amagwira ntchito ena akucheza. Chimene chinanditheka ndi awiriawiri, pa desiki pomwepo, osasuntha munthu. Ndime imodzi yokha, osati nkhani yonse. Wina awerenge chapansipansi, mnzake atseke buku anene zimene wamva, asinthane. Kenako ndimawauza kuti: tangoganizani mukutumiza meseji kwa amalume anu kuwauza za ndime imeneyi, koma mayunitsi atsala ochepa, mawu asapitirire khumi. Amalemba m'makope, ndimasankha atatu kudzalemba pa bolodi, kalasi iweruze kuti meseji yabwino ndi iti. Mkangano umene umabuka pamenepo ndiye phunziro lenileni. Wina amati "wasiya mfundo yaikulu", wina "mawu awa ngosafunika". Akuphunzira kusiyanitsa fupa ndi mnofu osadziwa. Ndipo a Phiri, kufupikitsa nkhani akukakumana nako ku sekondale mpaka pa MSCE, m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe. Sikutaya nthawi.

Pa zolemba, sindichonga makope 78 tsiku lililonse. Ndimatenga mzere umodzi wa madesiki pa tsiku.

A Gondwe: Ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene ndimachiona kuti nchachikulu kuposa njira zonsezi, ndipo Mayi Nabanda achiona kale ndi maso awo. Ana aja anayankha za mizu ndi mchenga chifukwa madimba amawadziwa. Mu 1988 Donna Recht ndi Lauren Leslie anatenga ana a giredi 7 ndi 8 ku America nkuwapatsa nkhani ya masewera a baseball. Ana amene ankaonedwa ngati ofooka pa kuwerenga koma odziwa masewerawo anaimva nkhaniyo kuposa ana owerenga bwino amene masewerawo sankawadziwa. Tanthauzo lake kwa ife nlakuti mwana samvetsa nkhani ndi maso okha, amabwera ndi zimene akudziwa kale. Mupatseni mwana wa ku Phalombe nkhani ya namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, ngakhale m'Chingerezi chovutirapo, adzailondola, chifukwa matope aja anawaona. Mupatseni nkhani ya sitima za pansi pa nthaka za ku London, adzatchula mawu onse koma m'mutu mulibe chithunzi.

Ndiye musanayambe nkhani, perekani mphindi zisanu kumanga chithunzicho. Mawu atatu kapena anayi ovuta, osati khumi ndi asanu. Chinthu chenicheni ngati chilipo, bwerani nacho. Ndipo phunziro la Agriculture, la Social, la Science, onsewo ndi maphunziro a kuwerenga. Mwana amene waphunzira bwino za kukokoloka kwa nthaka ku Agriculture wathandizidwa kale pa comprehension ya Chingerezi.

Mayi Nangondo: Pepani aphunzitsi, ine ndine kholo chabe, ndili mu komiti ya sukulu kwathu kuno, munandilowetsa m'gulu muno chaka chatha. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Chikundidetsa nkhawa ndi ichi cholowetsa Chichewa m'phunziro la Chingerezi. Ife makolo timafuna ana adziwe Chingerezi, mayeso ali m'Chingerezi, ntchito ili m'Chingerezi. Mukamawamasulira chilichonse, sadzangodikira kuti madamu amasulira?

Mayi Nabanda: Mayi, musati kholo chabe, funso lanu ndi lomwe ndakhala ndikudzifunsa. Ndipo pa sukulu pathu pali lamulo loti kuyambira Sitandade 5 mwana akagwidwa akuyankhula Chichewa m'kalasi amasesa. Dzulo lija ndinachita kutseka chitseko.

A Mbewe: Mayi Nangondo akunena zoona pa mbali imodzi. Kumasulira chiganizo ndi chiganizo kumapha. Ana amasiya kumvetsera Chingerezicho, amangodikira Chichewa chibwere. Ine ndinachitapo zimenezo chaka changa choyamba ndipo sizinathandize. Koma kumasulira nkosiyana ndi kulola mwana kuganiza m'chiyankhulo chake. Nkhani ikhale m'Chingerezi, awerenge m'Chingerezi. Akamakambirana awiriawiri kuti apa akutanthauza chiyani, alankhule chimene chiwathandize, kaya Chichewa, Chitumbuka, Chiyao. Pobwera kudzayankha kutsogolo ndi polemba, abwerere ku Chingerezi. Mukaletsa kukambiranako, simupeza Chingerezi chambiri ayi, mumapeza chete. Ndipo mwana wa chete simungadziwe pamene wasochera.

Mayi Nangondo: Ndamva. Nanga ife kunyumba tingathandize bwanji? Ine Chingerezi changa nchapatali.

Mayi Nachisale: Mayi, zimene mungachite nzambiri ndipo sizifuna Chingerezi. Mwana akuwerengereni chilichonse chimene chili pakhomo: Baibulo kapena Korani yomasulira, tsamba la Tamvani la mu Weekend Nation, kapepala ka malangizo a mbewu, uthenga wa pa foni. Akamaliza mufunseni, "Ndiye akuti chiyani pamenepa?" Akayamba kubwereza mawu a papepala, muuzeni kuti ayi, ndiuze ngati ukuuza mng'ono wako. Mufunsenso kuti ukuganiza kuti chichitike nchiyani kutsogoloku, nanga munthu uyu wachitiranji zimenezi. Ngakhale nthano za madzulo. Agogo akamaima pakati pa nthano nkufunsa kuti kalulu atani tsopano, kumeneko nkulosera komwe a Gondwe akunena. Mwana wozolowera kufunsidwa choncho m'Chichewa amapita nacho chizolowezicho ku Chingerezi.

Ngati muli kufupi ndi nthambi ya National Library Service, mulembetseni. Ngati ili kutali, funsani ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, ma TDC ena amasunga timabuku.

A Phiri: Chabwino, ndamva zonse. Koma ndinenebe kuti ku Sitandade 8 teremu yachiwiri sindingasiye mapepala akale. Mwina chimene ndingasinthe ndi ichi: akayankha, ndiziwafunsa kuti andionetse mzere umene wawapatsa yankholo, ndi kuti afotokoze chifukwa chake mayankho enawo ali olakwa. Pakali pano ndimangoti "B, chongani", tapita.

A Gondwe: A Phiri, chimenecho chokha ndi chachikulu. "Wadziwa bwanji?" ndi funso limene liyenera kumveka m'kalasi kangapo pa tsiku. Muwaphunzitsenso kuti mafunso ali mitundu. Ena yankho lake lili poyera pa mzere umodzi. Ena uyenera kutola apa ndi apo nkulumikiza, ngati lija la mitengo ndi mchenga. Ena nkhani sinanene, uyenera kuphatikiza zimene wawerenga ndi zimene ukudziwa. Mwana akadziwa kuti mtundu wachiwiri ndi wachitatu ulipo, amasiya kukopera chiganizo. Ambiri amakopera chifukwa amakhulupirira kuti yankho lililonse linalembedwa penapake, ntchito yawo nkulipeza.

Mayi Nabanda: Anzanga, papita masabata atatu, ndati ndikuuzeni mmene zikuyendera. Mivi ija ya a Gondwe ana aikonda kwambiri, choko chachikuda chinatha, pano tikugwiritsa ntchito choyera chomwe. Meseji ya mawu khumi tikuchita Lachitatu ndi Lachisanu. Kuganiza mokweza kunandivuta poyamba, tsiku loyamba ana anaseka poganiza kuti madamu alephera kuwerenga. Ndinawafotokozera kuti ndikuwaonetsa zimene zimachitika m'mutu mwanga, ndipo tsiku lachitatu mtsikana uja wakutsogolo anakweza dzanja pakati pa ndime nkunena kuti, "Madam, I am lost here." Chiyambire Sitandade 6 palibe mwana anandiuzapo zimenezo. Tinabwerera limodzi, chinamusokoneza chinali although.

Lachisanu ndinawapatsa kankhani katsopano ka msodzi amene ankagwiritsa ntchito neti ya udzudzu pogwira nsomba, funso loti chifukwa chiyani patapita zaka nsomba zinayamba kusowa. Yankho silinalembedwe poyera. Ana 41 analemba m'mawu awo kuti netiyo inkakokera ndi tiana ta nsomba tomwe. Chingerezi chake chophotchoka, koma ganizo lilipo. Ena 30 ndi kanthu akukoperabe. A 17 aja tikupitiriza nawo maphatikizo, koma nkhani ndikamawerenga mokweza amayankha nawo pakamwa, ndipo mnyamata uja wa "unakokolola" ndi amene amayamba.

Za lamulo la Chichewa ndinakakamba ndi ahedi. Sanalichotse, koma andilola mphindi zokambirana awiriawiri. Silabasi ndatsalira ndi mutu umodzi, sindibisa.

Chimene chikundivutabe ndi nkhani zowerenga. Za m'buku tazibwereza mpaka ana aziloweza, ndipo kulosera nkhani imene ukuidziwa kale sikutheka. Ndikumalemba ndekha usiku, koma zikundichulukira.

A Mbewe: Tigawane ntchitoyo. Aliyense alembe kankhani kamodzi pa sabata, mawu osapitirira 120, ka zinthu zimene ana athu amazidziwa, ndi mafunso atatu, limodzi la mtundu uliwonse mwa itatu ija. Tiziika muno Lamlungu madzulo. Ine ndiyamba ndi ka kabaza.

Mayi Nachisale: Ine ndilemba ka m'Chichewa, ka ana 17 aja, ziganizo zazifupi.

A Phiri: Mayi Nabanda, tanditumizireni kaye ka msodzi kaja ndi mafunso ake. Ndikufuna ndikayese ku Sitandade 8 Lolemba, ndione kuti angati akopera.